Nkhanga sizingoyenda chigulugulu, zimadziwana

Basi ikangoima pa Chimbiya, pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza, mawindo onse amadzaza manja. Uyu wanyamula kachewere, uyo tomato ndi anyezi, koma amene amakopa maso a apaulendo ndi anyamata a zinziri zokazinga, zofiirira bwino, zowaza mchere ndi tsabola. "Zinziri, bwana! Zamoto izi, mayi!" Malowa adatchuka ndi kambalame kameneka moti ena amasunga njala kuchokera mumzinda kuti adzaithetsere pano.

Zinziri zambiri zogulitsidwa m'misewu mwathu masiku ano ndi zoweta, mtundu umene udayamba kuwetedwa ku Japan. Alimi amazikonda chifukwa sizichedwa: dzira limaswa pakatha masiku 17 kapena 18, ndipo yaikazi imayamba kuikira isanakwanitse miyezi iwiri. Woweta amangowerenga mitu, zingati zalowa m'khola, zingati zapita ku chiwaya. Palibe cholakwika pamenepo, ndi ntchito yodyetsa mabanja. Koma m'kholamo mumachitika zambiri zimene kuwerenga mitu sikungaonetse. Mbalame iliyonse imapenyetsetsa zinzake, imasunga zimene yaona, ndipo imasankha yoti iyandikane nayo.

Ku yunivesite ya McMaster ku Canada, Bennett Galef ndi David White adayesa zimenezi pa zinziri za mtundu womwewu, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa mu 1998. Ankaika yaikazi pakati pa zazimuna ziwiri n'kuona kumene ikutsamira. Akatero ankaionetsa yaimuna yokanidwa ija ili ndi yaikazi ina. Poibwezera pakati paja, yaikaziyo inkasendera kwa yomwe idaikana poyamba. Mu 2003 Galef yemweyo ndi Alexander Ophir adapezanso kuti yaikazi ikaonerera zazimuna ziwiri zikulimbana, kawirikawiri imasankha yogonja, yopambanayo n'kuisiya. Chifukwa chake n'chomveka. Yaimuna yaukali kwa inzake imakhalanso yankhanza kwa yaikazi. Amene adaonapo zinziri zazikazi zometeka mitu m'khola lochuluka zazimuna akudziwa zimene ndikunena.

Za nkhuku, amayi a kumudzi safuna kuuzidwa. Ukamwaza madeya pabwalo, pali thadzi limene limayamba kudya ndipo palibe yolijompha, pali lina lojomphedwa ndi limodzi lokha, mpaka kukafika pa kamsoti kamene kamadikira zonse zikhute. Munthu woyamba kulemba zimenezi mwadongosolo adali Thorleif Schjelderup-Ebbe wa ku Norway, yemwe adayamba kuonerera nkhuku ali mwana, ndipo adazisindikiza mu 1922. Iye adaona kuti nkhuku iliyonse imadziwa yoiposa ndi yoichepera, komanso kuti nthawi zina mndandandawo umazungulira: yoyamba ijompha yachiwiri, yachiwiri ijompha yachitatu, yachitatuyo n'kumajompha yoyamba ija. Izi sizingatheke ngati nkhuku sizizindikirana imodziimodzi. N'chifukwa chake nkhuku yogulidwa kumsika ikangoponyedwa m'khola usiku, kumacha kuli ndewu, ndipo kuikira kumatha kuchepa kwa masiku angapo. Mlimi wanzeru amayamba waisunga payokha. Pakutero wapewanso kulowetsa chitopa, matenda amene amayenda m'njira zomwezo zimene nkhuku zimakumanirana, kuchoka pakhomo kupita kumsika, kuchoka kumsika kupita pakhomo lina.

Ku Mpala adaziveka mphete

Koma mbalame imene yasintha kwambiri maganizo a akatswiri pa nkhaniyi ndi nkhanga. Kumpoto kwa phiri la Kenya, m'dera la Laikipia, kuli malo a kafukufuku otchedwa Mpala. Kumeneko kumapezeka mbale wake wa nkhanga yathuyi, yayitali khosi, ya nthenga zabuluu pachifuwa ndi maso ofiira, imene m'mabuku amaitcha vulturine guineafowl. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Damien Farine, mmene mudali Danai Papageorgiou komanso mayi wa ku Kenya komweko Brendah Nyaguthii, lidaveka nkhangazi timphete tamitundumitundu m'miyendo kuti iliyonse izidziwika payokha. Zina adazimangirira timakina ta GPS kumsana tosonyeza pamene zili usana ndi usiku.

Zimene adalengeza mu 2019 zidadabwitsa anthu ambiri. Nkhanga zazikulu zoposa 400 za m'deralo zidali m'magulu 18, laling'ono la mbalame 13, lalikulu la 65. Maguluwo ankakumana pakudya, ankasakanikirana, usiku n'kukagona m'mitengo yoyandikana. Munthu wongodutsa akadati ndi chimulu chimodzi cha nkhanga. Koma kukacha, iliyonse inkabwerera m'gulu lake, osasokera. Mwezi ndi mwezi, nyengo ndi nyengo, mamembala adali omwewo. Chodabwitsa kwambiri chidali chakuti gulu silinkangokumana ndi gulu lililonse limene lapezana nalo panjira. Lidali ndi magulu ena owakonda, oyenda nawo ndi kugona nawo pafupi, ena n'kumangowadutsa.

Tiyerekeze ndi mmene timakhalira kuno. Pali banja, mabanja angapo apanga mudzi, ndipo pali midzi imene imayenderana kuposa ina, pamaliro ndi paukwati imapezeka pamodzi. Ngakhale ukwati wa nkhangazi uli ndi mwambo wake, ndi wachitengwa: zazimuna zimatsala m'gulu lobadwiramo, zazikazi zikakula ndizo zimanyamuka kukalowa gulu lina, nthawi zina kutali ndithu. Kufikira nthawi imeneyo, akatswiri ankakhulupirira kuti moyo wosanjikizana chotere ndi wa nyama za bongo waukulu zokha, monga anthu, njovu, anyani ndi anamgumi. Bongo wa nkhanga ndi waung'ono ngakhale pouyerekeza ndi wa mbalame zinzake. Komabe imakwanitsa kusunga m'mutu kuti uyu ndi wathu, uyu ndi wa gulu lachinansi, uyo ndi mlendo.

Makolo adati nkhanga zidapangana kusanapse. Mwambiwu timaunena polangizana kuti tizikonzekera mavuto asanafike, koma amene adaupeka adali atazipenyetsetsa nkhanga, pakuti kupangana zimapanganadi. Mu 2020 Papageorgiou ndi Farine adafotokoza zimene zimachitika gulu likafika pamalo a chakudya chokoma koma chochepa. Zazimuna zamphamvu zimalanda malowo n'kupirikitsa zofooka. Zopirikitsidwazo sizilimbana nazo. Zimasonkhana pambali, imodzi, ziwiri, zisanu, ndipo zikachuluka zimangouyamba ulendo. Zamphamvu zija zimadzidzimuka zatsala zokha, ndipo popeza nkhanga yotsala yokha ndi ndiwo ya chiwombankhanga kapena nkhandwe, zimasiya chakudyacho n'kuthamangira zinzawo. Mphamvu zimapatsa nkhanga malo abwino odyera, koma kumene gulu lilowere kumagamulidwa ndi unyinji. Akatswiriwo adaonanso kuti mbalame iliyonse ikhoza kuyambitsa ulendo, ndipo ziwiri zikaloza kosiyana, gulu limatsata kumene kwapita zambiri.

Malo ambiri amene nkhanga za ku Mpala zimakonda kudyera ndi mabwalo a makola akale a ng'ombe, pamene ndowe zidasiya nthaka yachonde ndi udzu waufupi wobiriwira. Abusa adasamuka kalekale, koma malo amene adasiya ndiwo akhala pokumanira magulu a nkhanga mpaka lero. Zochita za anthu pa nthaka zimakonza kapena kupasula ubale wa mbalame, ngakhale anthuwo asakudziwa.

Nkhanga yathu ya chipewa pamutu, imene imapezeka m'madambo ndi m'mbali mwa nkhalango za Dedza, nayonso ndi ya m'gulu. M'chilimwe imayenda ndi zinzake, kupita kumadzi mondondozana, kusamba fumbi pamodzi, ndipo dzuwa likamalowa zonse zimakwera mumtengo umodzi kapena mitengo yoyandikana, kawirikawiri yomweyomweyo kwa nthawi yaitali. Mvula ikagwa gulu limamwazika ziwiriziwiri. Yaikazi imaikira pansi m'udzu n'kukhalira mazira pafupifupi masabata anayi, ndipo anapiye akaswa, yaimuna imathandiza kuwalera. Akakula pang'ono mabanja amabwereranso pamodzi.

Olera ana a eni

Pali mbalame zina zimene ubale wake umafika poti zina zimasiya kubereka kuti zilere ana a zinzawo. Nang'omba ndi imodzi mwa izo. Mbalame yaikulu yakuda imeneyi, yofiira kukhosi, imene kulira kwake kwa mbandakucha kumamveka kutali, Achewa amaidziwa bwino moti m'Gule Wamkulu muli gule wa dzina lake. Imayenda m'timagulu ta mbalame zochepa, ndipo m'kagulu konse zobereka ndi ziwiri zokha. Zotsalazo, zambiri mwa izo ana aamuna a zaka zam'mbuyo, ntchito yawo ndi kusaka njoka, abuluzi, achule ndi ziwala n'kumatutira mayi amene ali m'phanga la mtengo, kenako mwanapiye. Mazira amakhala awiri koma amene amakula ndi mwana mmodzi. Ku South Africa, kumene Alan Kemp adazitsatira kwa zaka zambiri m'nkhalango ya Kruger, adapeza kuti gulu limodzi limakuza mwana mmodzi pafupifupi pa zaka 9 zilizonse. Mbalame yobereka mwapatalipatali chonchi ikataya mtengo wake waphanga kapena mmodzi mwa olera, imatenga zaka kuti ibwerere mwakale. N'chifukwa chake lero kuno kwathu nang'omba umakaipeza makamaka m'malo otetezedwa monga Kasungu ndi Vwaza, pamene agogo athu ankaimva ali m'nyumba zawo.

Kutsidya kwa malire, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, Dale Lewis, amene pambuyo pake adadzayambitsa bungwe la COMACO logwira ntchito ndi alimi a kum'mawa kwa dzikolo, adayamba ndi kutsatira kambalame ka mtundu wa mpheta kokhala ndi mzere woyera pamwamba pa diso. Kamamanga zisa zaudzu zambirimbiri mumtengo umodzi, ndipo kwathu kuno kamaoneka m'madera otentha a mitengo ya tsanya monga ku Liwonde. Zolemba zake za mu 1982 zidaonetsa kuti m'gulu lililonse mumabereka banja limodzi, zinazo zimathandiza kudyetsa ana ndi kuteteza malire. Mu 2024 Maria Tello-Ramos ndi anzake adaonjezera china atayeza zisa za magulu oposa 40 a mbalame yomweyi m'chipululu cha Kalahari. Gulu lililonse lili ndi kamangidwe kake. Lina limamanga zisa zazifupi zonenepa, loyandikana nalo zazitali, udzu uli womwewo, nyengo ili yomweyo. Mlendo akalowa m'gulu sabweretsa kamangidwe ka kwawo, amatsata ka eni mudzi.

Ubale wa mbalame sikuti ndi wa magazi okha. Ku Mpala komwe kuja, Dustin Rubenstein ndi ophunzira ake adatsatira mbalame zonyezimira zotchedwa superb starling kwa zaka pafupifupi 20, ndipo mu 2025 adaonetsa kuti zina zimathandiza kulera ana a mbalame zosakhala abale awo, ndipo patapita nyengo zingapo zothandizidwazo zimadzabweza.

Mlonda amene amanamanso

Amene adayendapo m'nkhalango ya Chongoni kapena m'mapiri a Dedza nthawi yachisanu akudziwa kuti ukhoza kuyenda mtunda wautali pakati pa mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku osamva ngakhale kambalame kamodzi. Mwadzidzidzi mitengo yonse imadzaza phokoso. Agogomole akugogoda makungwa, tina tikufufuza kunsi kwa masamba, tina tikuwakha tizilombo m'mwamba, mitundu khumi kapena kuposerapo ikuyenda ulendo umodzi. Pakapita mphindi zochepa zadutsa, nkhalango yakhalanso chete. J.M. Winterbottom adalemba za maulendo osakanikirana otere m'nkhalango za Zambia m'zaka za m'ma 1940. Phindu lake ndi loonekeratu: maso akachuluka, kabawi sabwera mozemba, ndipo tizilombo tovumbulutsidwa ndi mbalame ina timagwera m'kamwa mwa ina.

Pakati pa maulendo amenewa sipalephera kukhala nthengu, yakuda bii, ya mchira wa mphanda, itatera pa nthambi yoonekera. Ndiyo imayamba kukuwa chiwombankhanga chikaoneka, ndipo zinzake zimaikhulupirira. Koma Tom Flower, amene adaitsatira ku Kalahari, adafotokoza mu 2014 kuti mlonda ameneyu nthawi zina amakuwa popanda choopsa. Ikaona mbalame ina yagwira chakudya chonona, nthengu imaliza mfuwu wabodza, mwini chakudya n'kuthawa, iyo n'kutola. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudya chake imalipeza chotero. Zinzake zikayamba kuizolowera, imasintha mawu n'kutsanzira kulira kwa mtundu wina. Komabe siziithamangitsa, chifukwa tsiku limene ikunena zoona imapulumutsa moyo. Ngakhale pakati pa mitundu yosiyana pali kuwerengerana, kukhulupirirana ndi kukayikirana.

Gulu likasweka

N'chifukwa chiyani zonsezi zili zofunika kwa munthu wolima kachewere ku Chimbiya kapena ku Linthipe? Chifukwa nzeru za mbalame zimakhala m'gulu, ndipo zimayenda kudzera mwa odziwana. M'nkhalango ya Wytham pafupi ndi Oxford ku England, kumene timbalame totchedwa great tit takhala tikutsatiridwa kuyambira 1947, Lucy Aplin ndi anzake adatenga timbalame tiwiri m'dera lililonse n'kutiphunzitsa kutsegula kabokosi ka chakudya, tina pokankhira kachitseko kumanja, tina kumanzere. Atatibwezera kutchire, m'masabata ochepa mbalame zitatu mwa zinayi zilizonse za m'maderawo zidali zitadziwa kutsegula, ndipo dera lililonse linkatsata mbali imene aphunzitsi ake aja adaphunzira. Luso lidayenda motsata ubwenzi: yoyenda ndi wodziwa inkadziwa msanga. Chaka chotsatira mbalame zambiri zakale zidali zitafa, koma mwambowo udalipobe. Zimenezi zidasindikizidwa mu 2015.

Ku Germany, Adriana Maldonado-Chaparro ndi anzake adafotokoza mu 2018 za mbali inayo, ya kusweka kwa gulu. Adatenga magulu a timbalame tating'ono tozolowerana, n'kumawagawa kwa masiku awiri okha, kenako kuwabwezeranso pamodzi. Palibe imene idafa, palibe imene idasowa. Koma atabwererana, kudya pamodzi kudasokonekera, ndipo gulu linkachedwa kumaliza chakudya chimene kale linkatha msanga. Ngati kulekana kwa masiku awiri kukuchita zimenezi, nanga gulu la nkhanga limene lataya akuluakulu ake atatu pa khwekhwe usiku umodzi?

Apa ndi pamene mtima wanga umandipweteka ndikaona mapiri a Dedza akuyaka mu Ogasiti ndi Seputembala. Moto wosakira mbewa umanyeketsa udzu umene nkhanga, nkhwali ndi zinziri zakutchire zimabisalamo. Nkhwangwa ya wootcha makala imayamba ndi mtengo waukulu, umene ndi womwewo wogonamo nkhanga kapena wa phanga la nang'omba. Dzinja likafika, wopalira m'munda akapeza chisa amakokolola mazira onse kukaikira nkhuku kunyumba. Aliyense mwa anthu amenewa ali ndi chifukwa chake, ndipo njala si nkhani yoseweretsa. Koma tikamati "zatsalabe, dzulo ndaziona zisanu", timakhala tikuwerenga mitu basi. Zisanuzo mwina ndi zotsala za magulu atatu osadziwana, zopanda wamkulu wodziwa kumene kumapezeka madzi mu Okutobala, zopanda mtengo wokumaniranapo, zopanda gulu lachinansi kumene ana aakazi angakalowe.

Ku South Africa zidachitika kale. M'chigawo cha KwaZulu-Natal nkhanga zidayamba kuchepa kwambiri m'zaka za m'ma 1980, m'minda momwe kale zinkadzaza. Tim Crowe ndi anzake a ku yunivesite ya Cape Town atafufuza, adapeza kuti gwero lalikulu ndi kusintha kwa kalimidwe: minda ikuluikulu ya mbewu imodzi, mankhwala opha udzu ndi tizilombo, ndi kutha kwa timatchire ta m'malire a minda. Malo odyera, obisalamo ndi ogona adatalikirana, magulu n'kuphwasuka. Kwathu kuno minda ndi ing'onoing'ono, koma chaka ndi chaka khasu likulowerabe m'dambo ndi m'mphepete mwa mitsinje monga Linthipe, ndipo mapeto ake akhoza kufanana.

Dedza ili ndi zonse zofunika kuti nkhaniyi tiidziwe ndi maso athu, osangomva za ku Kenya ndi ku England. Chongoni, imene UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006 chifukwa cha zojambula za pamiyala zopezeka pamalo 127, ndi nkhalangonso yokhala ndi mbalame zake. M'nkhalango momwemo muli sukulu ya Malawi College of Forestry and Wildlife, ndipo koleji ya Bunda siili kutali. Buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006 lidatiuza kuti Malawi ili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650 ndi kumene uliwonse umapezeka. Funso lotsatira ndi lakuti mbalamezo zikukhala ndi yani. Poyambira sipafuna ndalama zambiri. Timphete tapulasitiki tamitundu, kope, pensulo ndi kudekha n'zokwanira. Ana a m'makalabu a zachilengedwe amene bungwe la WESM limalimbikitsa m'sukulu akhoza kuyamba ndi nkhanga zoweta za pakhomo: kulemba kuti iti ikuyenda ndi iti, iti imatsogola popita kudambo, iti imayamba kukuwa galu akatulukira. Ophunzira a ku koleji, atatenga chilolezo ku nthambi yoona za nyama zakutchire, akhoza kuchita chimodzimodzi ndi zakutchire.

Kwa oweta zinziri ndi nkhuku, phindu lili pafupi. Musasakanize magulu osadziwana popanda chifukwa, musachulutse zazimuna m'khola limodzi, ndipo ikani modyera ndi momwera mungapo kuti zofooka zisamagone ndi njala.

Pempho langa lalikulu likupita kwa mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi ya ku Chimbiya, Linthipe ndi yonse yozungulira Chongoni. Alenje ndi abusa a m'midzi mwanu akuidziwa mitengo imene nkhanga zimagonamo. Aitaneni aitchule pabwalo, ilowe m'malamulo a mudzi kuti isadulidwe. Gwirizanani za chigawo cha dambo chimene sichidzatenthedwa chaka chino, ndipo wopeza chisa cha nkhanga m'munda asatenge mazira onse. Zimenezi zikambidwe mwezi wa Julayi usanathe, udzu usanaumiretu.